Tsamba 41 ndi Dzina la Amayi Ako

Mphamba, Lundazi
Lachinayi masana

Wezi mwana wanga,

Wapita kuboma kukagula tikiti ya basi ya mawa, ndipo wachoka osandiyang'ana n'komwe. Ndaona. Sabata ziwiri tsopano ukundipatsa moni wouma ngati chitsononkho, "mwauka uli adada," kenako msana. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope ndi cholembera kuti ndithe nkhaniyi usanabwere, chifukwa pamaso pako ndimangokalipa. Ndikulemba m'Chinyanja chimene ndinaphunzitsa ana zaka zonse zija. Chitumbuka ndachisiya dala, chifukwa ndi chimene ndinkayankhula ndi amayi ako.

Unandipempha chinthu chimodzi. Unati popeza ukupita ku Lusaka kukaphunzira zosunga mabuku ndi za makompyuta, ndikupatse buku langa lija, Mbewu Isafe M'nkhokwe, ukalikonze kuti lizipezeka pafoni. Ine ndinamenya tebulo n'kunena kuti bukulo silidzalowanso m'foni ndili moyo. Unandiona ngati mdala woopa zatsopano. Sindikuopa foni ine, Wezi, ndakwiya nayo, ndipo ndakwiya ndi anthu ambiri, koma woyamba pamzere wa anthu amenewo ndi ine ndemwe. Zonsezi zinkachitika iwe uli kusukulu yogonera komweko ku Chipata, ndipo tinakubisira. Werenga mpaka kumapeto usanandiweruze.

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndinkangozungulira pakhomo pano, ndikusowa woti ndimukalipire. Apo m'pamene ndinayamba kuona zimene amayi ako, NyaZimba, ankachita chaka ndi chaka ine osaziwerengera. Chimanga cha mbewu ankachimanga m'mitolo n'kuchipachika pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Khobwe ndi nzama ankazisakaniza ndi phulusa losefa n'kuzimata mumphika. Nthanga za maungu anali kudziwa za dzungu liti zoyenera kusunga pongoligogoda ndi chala. Chaka chimene anzathu ankayenda m'makomo kupempha mbewu, ife tinkagawa. Ndinatenga kope n'kuyamba kuwafunsa, iwo akugwira ntchito, ine ndili pampando mwendo pamwamba pa unzake. Miyezi isanu ndi iwiri ankayankha mafunso anga, ena opusa, osatopa. Kope litadzaza ndinadziyang'ana pagalasi n'kuona mlembi.

Ndinatumiza zolembazo kwa osindikiza mabuku ena ku Lusaka. Wezi, zaka zitatu! Zaka zitatu ndikupalasa njinga kupita kupositi, wa papositi mpaka anayamba kupukusa mutu ndisanatsike n'komwe. Yankho litabwera linali la mizere inayi. Akuti nkhani ndi yabwino, koma ndiilembenso m'Chingerezi, chifukwa buku la Chinyanja losakhala la m'kalasi palibe amaligula. Ndikulemba pano magazi akuwirabe. Mayi wa ku Mphamba wosunga khobwe mumphika aziwerenga za mphika wake womwe m'Chingerezi? Anthu amenewo amadya chiponde cha mtedza wathu m'mawa uliwonse, koma chilankhulo cha wolima mtedzawo amati sichigulitsa. Ukakafika kumeneko udzakumana nawo, ovala bwino, oyankhula mofewa. Uziwapatsa ulemu, koma usadzakhale pakhomo pa munthu zaka zitatu kudikira kuti akuuze ngati ndiwe munthu.

Chifukwa cha mkwiyo womwewo ndinagulitsa Sitima, ng'ombe yathu yakuda yapangolo ija unkaikonda, n'kunena kuti ndisindikiza ndekha. Amayi ako sanakane. Anangoti ngolo izikokedwa ndi ng'ombe imodzi mpaka titapeza ina. Ndinakwera minibasi kupita ku Chipata kwa bambo wina wa makina osindikizira, amene ntchito yake yeniyeni inali makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Munthuyo sindimuda. Anatayipa zonse bwinobwino, ndipo pofika pachikuto anandifunsa.

"Pa kava tifakepo zina ya ndani, Aticha? Muli mweka olemba, olo kuli wina?"

Ndinayankha kuti ndili ndekha. Sindinachite chibwibwi, Wezi, sindinaganize n'komwe kawiri. Ndinamupatsanso chithunzi changa chovala tayi kuti aike kumbuyo. Mumtima ndinkati, kodi mkazi wa munthu amalembedwa pachikuto? Kwathu kuno ngakhale dzina lake lenileni sititchula, timangoti NyaZimba, mwana wa a Zimba, ndiye ulemu wake. Ndinabisala kumbuyo kwa mwambo umenewo, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna chikuto chonse chikhale changa.

Tsiku lomwelo ndinachita china choposa apo. Wa makina uja atayala masamba onse anapeza kuti limodzi latsala loyera, kumapeto kwa mutu wa mtedza. Anati mapepala amapindidwa mowerengera, ndiye tsambalo silingachotsedwe.

"Peji 41 ilibe kanthu. Muli na vina volemba, olo tisiye che so?"

Ine mphunzitsi wamkulu, wogulitsa ng'ombe, n'kusiya tsamba loyera? Ndinapempha pepala n'kukhala pabenchi panja. Ndinakumbukira zimene ndinkaona ogula mtedza akuchita pamsika wa Lundazi: amawaza madzi pamtedza wamakoko kuti makokowo afewe, usavute kusenda ndiponso maso ake asasweke. Ndinalemba zimenezo mokoma, n'kuwonjezera za m'mutu mwanga kuti ukasenda uumange m'thumba udikire mvula. Foni inali m'thumba la jekete langa, ndipo amayi ako anali kunyumba ndi yawo. Kuimba kukanatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Sindinaimbe, chifukwa mlembi safunsa mkazi wake pamaso pa wa makina. Safunsa anadya phula, mwana wanga, ndipo phula langalo ndinalisindikiza mabuku mazana awiri. Kumbukira zimenezi tsiku limene munthu adzakupatsa malo opanda kanthu n'kukuuza kuti udzaze msanga. Tsamba loyera silinapwetekepo munthu.

Makatoni atafika pakhomo ndinatsegula limodzi n'kupereka buku kwa amayi ako ndi manja awiri. Analitembenuza kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Anayang'ana chikuto nthawi yaitali.

"Tayi yakukhalani, Aticha," anatero, n'kuliika pawindo n'kubwerera kukasefa ufa.

Ine ndinamva ngati andiyamikira. Zaka makumi atatu ndili nawo m'nyumba, koma tsiku limenelo ndinalephera kumva zimene ananena. Sindinawaonepo akuwerenga mkati, ndipo ine ndinkati n'chifukwa cha maso awo amene anali atayamba kuvuta.

Za kugulitsa ndisakuuze zambiri, ndingadwale. Aliyense wokumana naye panjira ankati, "Mutipaseko imozi, Aticha," ngati kuti mabuku amamera m'dimba. Munthu yemweyo sangapemphe botolo la mowa laulere pagolosale. Ndinapereka mabuku khumi pasukulu ina, ndipo mphunzitsi wamkulu anawalandira ndi mawu okoma n'kuwatsekera m'kabati kuti ana angawadetse. Nditapitanso patatha chaka anafunafuna kiyi theka la ola, ndipo potsegula tinapeza chiswe chamaliza maphunziro onse mpaka chithunzi changa. Tsiku lina pamsika mayi wina anandikulungira tinsomba ta kapenta m'tsamba la mutu wa khobwe. Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene wang'amba, iye n'kundiuza kuti pepala lake n'lolimba bwino, ngati ndili nawo ena ndimubweretsere. Iwe ukupita kukaphunzira zosunga mabuku. Usadzakhale wosunga kiyi wa kabati, Wezi. Buku lakuda ndi zala za ana ndi limene lagwira ntchito yake.

Koma ena anawerengadi, ndipo apo m'pamene panagona tsoka. Mwezi wa Disembala, mvula itagwa kawiri, pakhomo panafika mayi wamasiye wa kumidzi ya cha ku Lukusuzi, NyaMtonga. Anayenda wapansi kuyambira m'mawa, atanyamula kambale kokutidwa ndi nsalu. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi khonde n'kuvundukula kambaleko. Munali mtedza wakuda, wa chuku, wonunkha ngati m'nyumba yodontha.

"Monire, asambizgi. Nabwela na mbeu yanu," anatero, akunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka. "Mwana wanga ananiwelengela buku yanu. Nathila manzi monga mwamene munalembela, nasenda, namanga mu saka. Nabyala munda onse, palibe yamela. Nati nibwele muniuze pamene nalakwisa."

Sanabwere kudzakalipa, Wezi, n'chimene chinandipweteka. Anabwera kudzafunsa pamene walakwitsa iyeyo, chifukwa kwa iye chinthu chosindikizidwa m'buku sichinganame. Amayi ako anatuluka m'khitchini akupukuta manja, anayang'ana m'kambale muja, kenako anandiuza kuti ndiwawerengere tsambalo mokweza. Ndinawerenga, mawu akuchepa mzere ndi mzere. Nditamaliza anandifunsa kuti zimenezi anandiuza ndani. Ndinati ndinaziona pamsika.

"Pamsika agulisa pa sikelo, afuna ileme. Sabyala iwo," anatero. "Nshawa ya mbeu siona manzi, ndipo siichoka mu makoko mpaka sabata yobyala. Ninakuuzani kangati?"

Anali atandiuzadi, ndipo zinalembedwa m'buku lomwelo pa tsamba 38, m'mawu awo. Ine ndinadzitsutsa ndekha patangopita masamba atatu osazindikira. Analowa m'nkhokwe yawo yomata n'kutulutsa mtedza wa mbewu umene anasungira munda wathu wakumtunda, n'kuuthira m'thumba la NyaMtonga. Chaka chimenecho munda wakumtunda unagona, ndipo iwe unadabwa patchuthi kuti chiponde chasowa m'nyumba.

NyaMtonga atapita, m'mawa mwake amayi ako anaphika phala la chinangwa lomatira. Ine ndinadula timapepala n'kulemba pamanja kamodzikamodzi kuti, "Tsamba ili ndi lolakwa. Mtedza wa mbewu usauthire madzi." Ndinamanga zonse panjinga n'kuyamba kusaka mabuku anga khomo ndi khomo, m'matope a Januwale. Mphunzitsi wopuma, wa imvi, kugwada pakhomo pa ana amene ndinawaphunzitsa a, e, i, o, u, kupempha buku kuti ndimate bodza langa. Ena ankaseka poyera. Wina anandifunsa ngati masamba enawo ndidzabweranso kudzamata chaka chamawa. Ndinameza zonsezo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Pofika Epulo ndinali nditamata pafupifupi onse, ndipo otsalawo ndinkadziwa kuti ali m'mimba mwa chiswe kapena akulunga kapenta. Ndinayamba kugona tulo.

Kenako kunabwera nkhani ya foni ija. Ndinali m'sitolo ya mbewu ndi feteleza kuboma pamene bambo wina wa ku Chipata, wosandidziwa, anamva anthu akunditchula Aticha n'kundionetsa foni yake.

"Muwelengeko iyi, mudala. Ni buku ya ma ekisipati a ku Lusaka, yazungulila mu magulupu onse ya alimi."

Ndinayang'ana. Linali buku langa, tsamba ndi tsamba, wina atalijambula ndi foni mopendekera, chala chake chikuoneka m'mphepete. Chikuto panalibe, dzina langa panalibe, chithunzi cha tayi panalibe. Ndinatsetsereza chala mpaka pa tsamba 41 ndipo linali lakale lija, losamata, loyera bwino. Ndinamufunsa kuti walitenga kwa ndani. Anati kwa mlamu wake wa ku Petauke, amene analitenga kwa munthu wa kutchalitchi, amenenso sakudziwa. Ndiuze, Wezi, njinga imeneyo ndikanaipalasa kulowera kuti?

Ndinafika pakhomo ndikutukwana kuyambira kumsewu. Amayi ako anali pamphasa akusankha nzama. Ndinawauza kuti mbava zandibera buku, ng'ombe yanga yapita pachabe, thukuta langa alipereka kwa akatswiri a ku Lusaka omwe aja anandikana. Ndinati munthu wochotsa dzina la mnzake pa ntchito yake ndi mfiti yoposa yodya anthu. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma. Sanakweze mutu.

"Zina yachoka pa buku?" anafunsa.

Ndinati yachoka.

"Chibaba, ai?" anatero, kutanthauza kuti chimapweteka. "Yanu yachoka pa foni. Yanga inachoka mukalibe kufika na ku makina."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndi buluku langa la kuboma. Iwo anapitiriza kusankha nzama, kenako anawonjezera kuti ine ndikulira dzina, koma iwo akulira azimayi amene athire madzi pambewu chaka chino, kumalo kumene sitidzafikako. Zaka ziwiri anasunga mawu amenewo m'mimba, akundiphikira, akundichapira, akundiphikiranso phala lomatira manyazi anga.

Ndinawalonjeza kuti ndisindikizanso, lokonza, dzina lawo lili pamwamba. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, koma ndinati tidikire tikolole. Titakolola ndinati tidikire tigule ng'ombe ina. Kenako ndinati tidikire Wezi amalize sukulu. Kunena zoona ndinkachita manyazi kubwerera kwa wa makina uja kukamuuza kuti ndinanama pamene ndinati ndili ndekha. Ndikudikira choncho amayi ako anadwala, ndipo zotsalazo ukuzidziwa, unali nawo m'chipatala masiku omaliza. Usamati mawa pa chinthu chimene uli nacho ngongole ya ulemu kwa munthu wamoyo, mwana wanga. Madzi akatayika saoleka.

Mwezi watha, ndikufunafuna chitenje chawo choti ndikupatse upite nacho, ndinatsegula bokosi lawo lachitsulo. Pansi penipeni panali buku lija ndinawapatsa ndi manja awiri. Ndinkaganiza kuti sanaliwerengepo. Wezi, tsamba lililonse lili ndi pensulo yawo, zilembo zikuluzikulu za munthu wosaona bwino. Pamene ndinalemba phulusa la mtengo uliwonse, akonza kuti la zitsononkho ndilo labwino. Pamene ndinalemba kuti mphika umatidwe ndi dothi, awonjezera kuti uyambe wakhala padzuwa masiku atatu. Pa tsamba 41 angojambula mtanda waukulu kuchokera pakona kufika pakona. Pachikuto sanalembepo kanthu. Iwe unandipempha buku patangopita masiku anayi nditapeza zimenezi, ndipo ndinakukalipira chifukwa ndinalibe mawu ena.

Anthu akuti mabuku a pepala atha, zonse zili m'foni. Amanena mosangalala ngati akulengeza ukwati, ndipo ine zimandinyansa. Buku la pepala lili ndi khomo, umadziwa kumene lagona, ukhoza kulitsatira n'kukapepesa. Za m'foni zilibe mwini, zilibe tsiku, ndipo bodza ndi choona zimathamanga liwiro limodzi. Koma ndakhala ndikuganiza sabata ziwiri zimene wakhala osandiyankhulazi. NyaMtonga sadziwa kuwerenga, koma foni ali nayo, ndipo amamvetsera mauthenga a mawu a mwana wake wa ku Kitwe. Tsamba langa labodza likuyendabe m'mafoni mpaka lero, ndipo njinga yanga singalipeze. Chimene chingalithamangitse ndi china choyenda njira yomweyo. Pamenepo unanena zoona, ndipo ine ndinalakwa. Usazolowere kumva zimenezi kwa ine.

Choncho bukulo ndakupatsa. Si langa loyera lija, koma la amayi ako la pensulo. Ndalikulunga m'chitenje chawo chobiriwira ndipo ndiliika pansi penipeni m'chikwama chako pamodzi ndi kalata ino. Ulisamale kuposa foni yako, chifukwa lina ngati limenelo kulibe. Utayipe zonse monga anakonzera iwo, osasintha kuti zimveke za kusukulu. Pamene sukumvetsa usalembe za m'mutu mwako, uimbire amayi ako aang'ono, NyaZimba wamng'ono, amene anaphunzira limodzi ndi amayi ako kwa agogo ako. Uzifunsa, Wezi. Ngakhale aphunzitsi ako a ku Lusaka atakuuza kuti wadziwa, uzifunsa wolima. Ukamaliza uliwerengenso mokweza, m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka, kuti likhale la mawu, azimayi azimvera akusenda mtedza. Ndipo tsiku lina ukadzapeza njira, usindikizeko ochepa a pepala, limodzi ukapereke kwa NyaMtonga m'manja.

Dzina uliike pa tsamba lililonse, pamwamba, osati pachikuto pokha, kuti wojambula ndi foni akalephere kulidula. M'mawu ojambulawo uyambe ndi dzinalo usananene china chilichonse. Usalembe NyaZimba, a NyaZimba ndi ambiri m'boma lino. Ulembe dzina lawo lonse, limene ine sindinalitchule pakamwa kuyambira tsiku la ukwati wathu, ndikumati ndi ulemu: Jesina Zimba.

Ndikumva belu la njinga kumsewu, mwina ndiwe, ndiye ndilekeze apa. Mawa ndikuperekeza kukakwera basi, ndipo ukandipatsanso moni wouma uja ndidzaulandira, chifukwa kalatayi udzaipeza utafika kale. Uzidya, uzipemphera, uziimba foni Lamlungu.

Ukhoza kufunsa kuti nanga dzina langa uliike pati. Tsamba 41 usalichotse. Ulisiye momwe lilili, ndi mtanda wa amayi ako pamwamba pake, ndipo pansi ulembe kuti ili ndi bodza, musalitsate. Pamenepo ndiye uikepo dzina langa, chifukwa m'buku lonselo ndi tsamba lokhalo limene ndinalemba ndekha.

Ndine adada ako,
Aticha